Geji ya Mafuta Ikayamba Kunama

Amayi anzanga, ndidziwa kuti ena mwa inu mutangoona mutu wa nkhaniyi mwafuna kutembenuza tsamba, poganiza kuti zagalimoto ndi za abambo ndi amakaniko. Tadikirani pang'ono. Kodi ndalama zogulira mafuta zimachoka m'thumba la yani? M'mabanja ambiri muno mu Mzuzu, ku Chibavi, ku Chiputula, ku Luwinga ngakhale ku Katawa, galimoto yaing'ono imene ili pakhomo idagulidwa ndi ndalama za geni ya mayi kapena ngongole ya banki m'khonde, ndipo ndi mayi yemweyo amene amalemba zolowa ndi zotuluka. Inunso a kumudzi, amene mulibe galimoto pakhomo, nkhaniyi siili kutali nanu. Tsiku limene mwana adzadwale usiku, kapena nthawi yoti mpongozi wanu achire ikadzakwana, mudzachita hayala galimoto ya eni ake, ndipo moyo wa wodwalayo udzadalira kamuvi kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa dalaivala.

Kamuvi kameneka, koloza pakati pa zilembo za E ndi F, ndiko timati geji ya mafuta. Tonse timakakhulupirira monga mboni yolumbira. Ine ndidaphunzira mochedwa kuti mboni imeneyi nthawi zina imanama, ndi kuti bodza lake likhoza kugoneka anthu patchire ndiponso kudanitsa anthu amene adakhala pachibale zaka zambiri.

Usiku wa ku Chikangawa

Gulu lathu lili ndi amayi 18. Titasonkha kwa zaka zitatu tidagula galimoto yakale ya mtundu wa Toyota Probox, imodzi mwa zija zochokera ku Japan zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa chipata cha Songwe. Cholinga chathu chidali chakuti tizikapikula tomato ndi mbatatesi ku Jenda ndi kudzagulitsa mumsika wa Mzuzu, osalipiranso malole a anthu ena. Dalaivala tidalemba mwana wa mmodzi wa ife, mnyamata wofatsa amene tonse tidamuona akukula. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Matope athu adafika mu July 2023.

Masiku amenewo mafuta ankasowa, ndipo petulo adali pa K1,746 lita imodzi. Msungichuma wathu adali ndi chizolowezi chimene tonse tinkachiyamikira kuti ndi nzeru. Ulendo usanayambe ankasuzumira pa geji, ndi kupereka ndalama zongowonjezera pa mafuta amene gejiyo yanena kuti alimo. Thanki ya Probox imalowa malita 50. M'mawa umenewo kamuvi kadali pa kota, ndiko kunena gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena kuti malita 12 ndi pang'ono. Iwo adapereka ndalama za malita 15, nati zonse pamodzi zikwanira kupita ndi kubwera, ena n'kutsalako.

Tidapita bwino, ine ndi mayi mnzanga mmodzi pamodzi ndi mnyamatayo. Ku Jenda tidachedwa ndi kunenerera mitengo, kotero kuti pobwerera dzuwa lidatilowera tisanafike ku Chikangawa. Amene mudayendapo chigawo chimenechi cha msewu wa M1 mudziwa mmene kuliri: zitunda, makona, nkhungu yophimba msewu, ndi chisanu cholowa m'mafupa. Nkhalango ya paini ya kumeneko idali ya mahekitala 53,000 ili pachimake. Mbali zambiri zidatha ndi macheka ndi moto, koma nyumba za m'mbali mwa msewu n'zotalikirana ndithu, ndipo malo omwetsera mafuta ngosowa. Titatsala ndi makilomita ngati 50 kuti tilowe mu Mzuzu, galimoto idayamba kutsokomola pachikweza, idanjenjemera kawiri, kenaka idazima.

Mnyamata uja adaloza geji nati, "Amayi, mafuta alimo, taonani. Vuto lili pena." Zoonadi, kamuvi kadali pa kota. Adatsegula boneti, nagwiragwira mawaya a batire, nayesa kuliza injini kambirimbiri mpaka batire lidayamba kufooka. Ife tidathyola nthambi ndi kuziyala pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo kuti malole asatiwombe. Maola awiri adatha tikufunafuna matenda kumene kudalibe matenda.

Amene adatitsegula maso ndi bambo wina wachikulire woyendetsa lole ya matabwa. Adaima, natembenuza kiyi osaliza injini, natchera khutu chakumbuyo kwa galimoto. Kenaka adatiuza kuti tiigwedeze iwo atagwada pafupi ndi thanki. Podzuka adasasa fumbi m'mawondo nati, "Amama, muno mulibe ngakhale odzaza kapu. Pampu ikungolira yokha, ikukoka mphepo."

Lole yawo idali ya dizilo, choncho sakadatigawira. Mnyamata adakwera nawo atanyamula chigubu, ndipo ife awiri tidagona m'galimoto titafunda zitenje, tikupemphera nthawi zonse tikaona nyali zikubwera. Adabwera 9 koloko m'mawa ndi malita 5 ogula kwa anyamata a zigubu pa mtengo woposa kawiri, chifukwa konse kumene adafika adapeza mapampu ouma. Tidalowa mumsika ogula a m'mawa atapita kale, ndipo tomato wambiri tidamugulitsa mongotaya.

Komatu chimene chidapweteka koposa si ndalamazo ayi. Pa msonkhano wa Loweruka msungichuma adawerenga kuti, "Malita 12 ndi malita 15 ndi 27. Ulendo wa ku Jenda sudadyepo ochuluka chotero. Nanga ena adapita kuti?" Mayi wina adati adamva kuti mnyamatayo amacheza ndi anyamata a njinga zamoto ku Jenda. Wina adati ana a masiku ano amadziwa kuigwira geji kuti ibise kuba kwawo. Ine, amene ndidayenera kuletsa zimenezi monga wapampando, ndidali ndidakali ndi chisanu cha ku Chikangawa m'mafupa, ndipo ndidalankhula mawu amene sindingawalembe patsamba lino. Mnyamata adaika kiyi patebulo natuluka. Amayi ake adanyamula chikwama chawo namutsatira osatsazika.

Chimene chili m'kati mwa thanki

Patapita masabata awiri abambo a kunyumba kwanga adandifunsa funso limodzi lokha. Adati, "Ngati mwana uja adaba mafuta, nanga bwanji kamuvi kadali pa kota m'thanki mulibe kanthu? Wakuba ndi uti, ndipo wabodza ndi uti?" Ndidasowa choyankha. M'mawa mwake tidapita nayo galimoto kwa makaniko, ndipo ndidapempha kuti chilichonse chimene achite ndichione ndi maso anga.

Taganizirani mtsuko wa madzi umene muli chikho choyandama. Madzi akachuluka chikho chimakwera, akachepa chimatsika. Mutamangirira kamtengo pa chikhocho, munthu amene ali patali akhoza kuona nsonga ya kamtengoko ndi kudziwa pamene madzi alekeza, osasuzumira mumtsuko. M'thanki ya galimoto muli chinthu chotero. Muli choyandama, chimene amakaniko amachitcha floti, chomangidwa ku waya wolimba wokhala ngati mkono. Kumapeto ena a mkonowo kuli kachitsulo kamene kamakhula pa kambale kokhala ndi timizere tachitsulo. Choyandama chikakwera kapena kutsika, kachitsuloko kamasuntha pa timizere tija, ndipo mphamvu ya magetsi imene imadutsapo imachuluka kapena kuchepa. Waya wamagetsi amatenga uthengawo kupita nawo kutsogolo, ndipo kamuvi kamamvera.

Ndiye kuti kamuvi sikaona mafuta ndi pang'ono pomwe. Kamangobwereza zimene kauzidwa, monga mwana wotumidwa ndi mawu. Womutuma akanama, kapena mawu akasokonekera panjira, mwanayo amafikitsa bodza ndi mtima woyera. Motero bodza la geji likhoza kubadwira malo atatu: m'thanki mwenimwenimo, panjira pamene pali mawaya ndi fyuzi, kapena kutsogolo pa geji yeniyeniyo. Kawirikawiri limabadwira m'thanki.

Lathu lidabadwira momwemo. Makaniko atatulutsa chipangizocho, chimene m'galimoto zambiri zazing'ono chimakhala pamodzi ndi pampu ya mafuta, adandionetsa timizere tija titaperepeseka pa malo amodzi. Adaseka nati, "Mayi, galimoto ya anthu a ndalama zochepa siidziwa kukhuta. Floti imangoyendayenda pakati pa E ndi theka chaka ndi chaka, ndiye imakhula malo omwewo mpaka atha." Adandionetsanso polumikizira mkono uja, pamene padali litsiro ndi dzimbiri. Ataunyamula ndi kuusiya, mkonowo udatsika n'kukakamira panjira. Adachita kuukankha ndi chala kuti ufike pansi. Pamene udakakamirapo ndi pomwe paja kamuvi kankaloza kota.

Zotsalira za pansi pa thanki adazitsanulira m'beseni, ndipo ndidaona madzi ofiira ndi timchenga. Zina mwa izi ndi mphatso ya mafuta a m'zigubu amene tinkagula m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene mizere ya galimoto inkachezera pa malo omwetsera mafuta. Chigubu chimene dzulo chidali cha madzi kapena mafuta ophikira, lero chili ndi petulo, ndipo palibe amene wachitsuka. Zina ndi za nyengo yathu. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, amene adayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ndi chinthu chabwino chopulumutsa ndalama zakunja, koma ethanol amakoka chinyezi. Thanki yokhala pafupi kuuma masiku ambiri imadzaza mpweya, ndipo mpweya wa ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo m'mawa kumacha ndi nkhungu, uli ndi chinyezi chimene chimasanduka madontho m'kati mwa thanki usiku kukazizira.

Mmene mungaigwirire ikunama

Poyamba tisaipake geji mlandu pa chilichonse. Galimoto ikaima pachitunda mafuta amapendekera mbali imodzi, monga madzi m'ndowa yotsamira, ndipo kamuvi kamakwera kapena kutsika pang'ono. Muziwerenga geji galimoto ili pamalo osalala, ndipo mudikire mphindi zingapo mutatembenuza kiyi, chifukwa kamuvi adakapanga kuti kaziyenda pang'onopang'ono kuti kasamavine ndi mabampu. Ndiponso pafupifupi galimoto zonse, theka lapamwamba limaoneka lokhalitsa kuposa lapansi. Thanki ikadzaza, choyandama chimakanikizika pamwamba ndipo sichisuntha mpaka malita angapo atatha. Kuwonjezera apo, thanki siili yofanana pansi ndi pamwamba ngati chitini. Amenewa si matenda, ndi chibadwa chake.

Matenda enieni ali ndi zizindikiro zake. Kamuvi kakagona pa E ngakhale mwangothira kumene mafuta, kapena kakaima pa F osatsika mutayenda tsiku lonse, yambani ndi zotsika mtengo. Onani ngati mageji ena, monga ya kutentha kwa injini, akugwira ntchito. Akafa onse pamodzi, kayikirani fyuzi, kanthu kakang'ono ka pulasitiki kamene kamadula magetsi pakakhala vuto, kamene mtengo wake ndi wochepa ndipo kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa. Koma fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, dziwani kuti pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo musalole munthu kumangapo kawaya wamba m'malo mwa fyuzi, chifukwa galimoto zina zidapsa ndi nzeru imeneyo. Ikafa geji ya mafuta yokha, vuto lili ku thanki kapena pa waya wochokera kumeneko. Makoswe amadya mawaya, makamaka galimoto imene imagona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga. Choyandama nachonso chikaboka chimamwa mafuta ndi kumira, monga chikho chong'aluka, ndipo kamuvi kamangokhala pansi.

Kamuvi kovinavina, kamene kamalumpha galimoto ikagunda bampu, tsopano kali pa theka tsopano kali pa E, kamasonyeza waya wolekera, dzimbiri polumikizira, kapena timizere toperepeseka. Koma koopsa kwambiri ndi kofanana ndi kathu, kamene kamatsika mwaulemu ngati kabwinobwino kenaka n'kuima pamalo amodzi. Kameneka sikachenjeza munthu. Mungakagwire pokhapokha mutazindikira kuti papita nthawi musanakaone kakutsika kupitirira malo akutiakuti. Ife patapita nthawi tidakumbukira kuti kwa miyezi iwiri kamuvi sikadatsikepo kupitirira kota, ndipo tinkamuyamikira msungichuma kuti amadziwa kuwerengera.

Dzifunseninso kuti bodzalo lidayamba liti. Likayamba makaniko atangosintha pampu ya mafuta, mwina mkono uja udapindika poulowetsa, kapena adaikamo cha galimoto ya mtundu wina. Likayamba mutagunditsa pansi pa galimoto pamwala, monga zimachitikira m'misewu yafumbi ya kumudzi nthawi ya mvula, mwina thanki idaphwanyikira m'kati ndipo choyandama chikukhala pa chotupacho osafika pansi. Za kanyali kachikasu kamene kamayaka mafuta akatsala malita ochepa, musakadalire kwambiri geji ikadwala. M'galimoto zina kali ndi chopimira chakechake, koma mwa zina kamamva kuchokera ku choyandama chomwecho. Kathu sikadayake usiku wonse wa ku Chikangawa.

Kope ndi cholembera

Galimoto zakale zidalibe kamuvi kameneka, koma anthu ankafika kumene akupita. Oyendetsa Ford Model T, imene idapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, ankanyamula mpando ndi kuviika kamtengo m'thanki. Volkswagen Beetle, imene agogo athu ena adaionapo m'misewu ino, idakhala yopanda geji mpaka 1961. Idali ndi kampopi kotsegulira mafuta osungira, monga kamene kali pa njinga zamoto zambiri za kabaza. Ngakhale lero a pa malo omwetsera mafuta amaviika ndodo m'mathanki awo apansi. Koma inu musayese kuviika ndodo m'galimoto za masiku ano, pakuti khosi la thanki ndi lokhota ndipo mukhoza kuthyolera kamtengo m'katimo.

Ndodo yanu ndi kope. Apa ndipo pamene ife amayi tiposa abambo, chifukwa tidazolowera kale kulemba za banki m'khonde mpaka tambala womaliza. Pansi pa geji ya liwiro pali nambala zowerenga makilomita, ndipo pambali pake pali kabatani. Mukakadina pamaoneka mawu akuti TRIP, ndipo mukakagwira kwa kanthawi nambalazo zimabwerera pa ziro. Tsiku lina dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, bwezerani TRIP pa ziro, yendani ulendo wanu wa masiku onse, ndipo pobwera dzazaninso. Malita amene alowa kachiwiriwo ndiwo amene galimoto yadya. Gawani makilomita ndi malitawo. Ife titachita zimenezi pa ulendo wa ku Jenda, titanyamula katundu monga mwa nthawi zonse, TRIP idawerenga makilomita 288 ndipo m'thanki mudalowa malita 24. Ndiye kuti lita imodzi imatiyendetsa makilomita 12.

Ndidziwa kuti kudzaza thanki ndi ndalama zambiri, ndipo ena a inu mukupukusa mutu. Chitani kamodzi kokha, ngakhale mochita kusonkherana. Mafutawo satayika, mudzawagwiritsabe ntchito. Mukadziwa nambala ya galimoto yanu, zotsalazo ndi masamu a ku pulayimale. Tsamba lililonse la kope likhale ndi tsiku, malita amene alowa, nambala ya makilomita pa nthawi yothirayo, ndi dzina la wothira. Malita 10 ndi makilomita 120, ndipo TRIP ikafika pa 90 yambani kufunafuna pothira, kaya kamuvi kakunena chiyani. Katundu akachuluka, zitunda zikachuluka, matayala akachepa mpweya, kapena mukakhala pa mzere injini ikulira, nambala yanu imatsika, choncho muzisiya malo.

Lembani malita, osati makwacha okha. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo petulo adakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Ndalama zokwana K20,000, zimene zinkagula malita opitirira pang'ono 11, zidayamba kugula osakwana 8. M'nyumba zambiri mudabuka mkangano chifukwa mayi adapereka ndalama zomwe zija, koma kamuvi kadakwera pang'ono kusiyana ndi kale. Pothira mafuta tsikani m'galimoto, musachite manyazi. Onetsetsani kuti nambala za pampu zayambira pa ziro, werengani malita pomaliza, ndipo pemphani lisiti ndi kulimata m'kope. Mapampu amayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo malonda a mafuta amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA. Ngati kope lanu likusonyeza mobwerezabwereza kuti pampu ina ikupereka mopereweza, kumeneko ndiko kokadandaula, mutanyamula malisiti anu.

Chifukwa chake si nkhani yaing'ono

Ena amati geji ikafa palibe kanthu, bola injini ikulira. Anthu otere sadatherwepo mafuta potsetsereka. Misewu yotuluka mu Mzuzu njamapiri: wotsikira ku Nkhata Bay, wa ku Chikangawa, ndi wa ku Karonga umene umatsika phiri la Chiweta ndi makona ake. Injini ikazima galimoto ikuyenda, mabuleki amagwira bwino kamodzi kapena kawiri, kenaka amauma ngati mwala, ndipo chiwongolero chimalemera. N'chifukwa chakenso musalole dalaivala kuzimitsa injini potsetsereka kuti apulumutse mafuta. Mukamva injini yakhala chete galimoto ikuthamanga, lankhulani, ngakhale mutakhala mlendo m'galimotomo. Mwalipira, ndipo ana anu akukudikirani kunyumba.

Pampu ya mafuta nayo imakhala m'kati mwa thanki, ndipo mafutawo ndiwo amaiziziritsa. Ikamakoka mphepo kawirikawiri imatentha ndi kufa msanga, ndipo mtengo wake umaposa kutali wa choyandama. Galimoto ya dizilo ikatheratu mafuta, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo nthawi zambiri siilira ngakhale mutathira ena mpaka mpweyawo utatulutsidwa.

Inu a kumudzi amene mudzachite hayala kupita ku chipatala cha Ekwendeni kapena chachikulu cha Mzuzu, musamufunse dalaivala kuti, "Mafuta alimo?" Aliyense amayankha kuti alimo. Mufunseni mwaulemu kuti, "Achimwene, mwathira malita angati, liti, ndipo mwayenda nawo mtunda wotani?" Dalaivala wosamala amayankha osakwiya. Pakhomo pakakhala woyembekezera, panganani naye masiku akadalipo ndi kumupatsiratu ndalama za mafuta, chifukwa usiku kumudzi kulibe kogula. Koma kusunga petulo m'nyumba yogona anthu, pafupi ndi mbaula kapena koloboyi, ayi. Nthunzi yake imayenda pansi osaoneka ndipo imakapeza moto uli patali.

Kugalaja

Musalole kuti akuuzeni kuti musinthe zonse asanayese. Makaniko wodziwa ntchito ali ndi kamakina kopimira magetsi. Amayamba ndi fyuzi, kenaka amazula pulagi ya ku thanki ndi kuona ngati kamuvi kakusintha, kuti adziwe ngati waya ndi geji yakutsogolo zili zamoyo. Akatulutsa choyandama amachilumikiza ku kamakinako ndi kuyendetsa mkono pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba. Nambala ziyenera kusintha mwadongosolo. Zikamalumpha kapena kuzimiririka pamalo ena, matenda apezeka. Inunso mukhoza kuona zimenezi mutaima pambali, sizifuna sukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zina kutsuka dzimbiri ndi kumanga waya kumakwanira. Pofunika kugula china, chikhale cha mtundu weniweni wa galimoto yanu, chifukwa opanga galimoto amasiyana mapimidwe, ndipo cha mtundu wina chikhoza kulowa bwinobwino koma n'kumanama kuyambira tsiku loyamba. Ngati choyandama chimagulitsidwa pachokha, palibe chifukwa chogulira pampu yonse. Chakalecho mutenge, n'chanu. Ntchito imeneyi ichitikire panja pamphepo, batire litazulidwa, popanda wosuta fodya kapena wowotcherera zitsulo pafupi. Ngati abambo a kunyumba afuna kuyesa okha usiku ndi kandulo, bisani masipanala.

Musalipire zonse musanayese. Pitani limodzi ndi makaniko kothira mafuta, thirani malita odziwika, ndipo onani ngati kamuvi kakwera molingana. Pa thanki ya malita 50, malita 12 ayenera kukweza kamuvi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Ngakhale zitatero, kope lipitirire.

Ife tidakhala pansi Loweruka lotsatira ndi kuwerengeranso za usiku uja pogwiritsa nambala yathu yatsopano. Galimoto idazima itayenda makilomita pafupifupi 240. Pa makilomita 12 lita imodzi, amenewo ndi malita 20. Lisiti la m'mawa uja lidapezeka m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo lidalembedwa malita 15 ndendende. Ndiye kuti ponyamuka m'thanki mudali malita 5 okha, osati 12. Padalibe lita ngakhale imodzi yosowa. Msungichuma adawerengera kawiri, navula magalasi, nakhala chete nthawi yaitali.

Tidapita amayi anayi kunyumba kwa mnyamata uja, titanyamula nkhuku, ufa ndi malipiro ake a mwezi umene tidamukaniza. Ine ndidatenganso choyandama chakale chija nditachikulunga m'pepala. Amayi ake adatiyalira mphasa, natimvetsera mpaka kumapeto, nachitembenuzatembenuza chipangizocho m'manja. Adati, "Mwachita bwino kubwera, anzanga. Koma madzi akatayika sawoleka. Ku tchalitchi konse adamva kuti mwana wanga ndi wakuba. Kodi kumenekonso mukapita nacho chitsulochi?" Tidalonjeza, ndipo Lamulungu lotsatira ndidaimirira pa msonkhano wa amayi ndi kunena zonse monga ndazilembera pano.

Mnyamatayo adatipatsa moni mwaulemu atagwada, koma kiyi adakana kulandira. Adali atapeza kale ntchito yoyendetsa galimoto ya munthu wina pa msewu wa ku Nkhata Bay. Amayi ake adabwerera m'gulu patatha miyezi itatu, ndipo pa chisankho cha chaka chimenecho adapempha okha kuti kope la mafuta lizikhala m'manja mwawo. Cholembera adachimangirira ku kopelo ndi ulusi, ndipo dalaivala wathu watsopano salandira kiyi asanawawerengere nambala ya makilomita iwo ataima pawindo.